Mtengo wa mango wa agogo wagwa

Nambewe wa kwa Santhe
Abale anga a pagulu pano, ndikudziwa kuti sabata ino aliyense mtima uli kumunda, wina akubzala wina akusaka feteleza, koma ndiloleni nditule kaye chimene chandilemera. Mtengo wa mango wa kuseri kwa nyumba ya amayi wagwa. Unagwa usiku wa Lachiwiri ndi mvula ija inabwera ndi chimphepo. Amayi akuti anangomva kuti phwaa, nkhuku n'kuyamba phokoso m'khola, iwo n'kukhala tsonga pamphasa mpaka kucha osayerekeza kutsegula chitseko. Kutacha anapeza wathyokera m'chiuno, mutu wake wagonera pankhokwe yakale. Nyumba waiphonya pang'onong'ono. Palibe amene wavulala, pamenepo tikuyamika Mulungu.

Ine ndinakwera minibasi pa boma Lachitatu m'mawa. Nditatulukira panjira ya kuchitsime ndinaima, mudzi wathu womwe osauzindikira. Chibadwire changa ndikamachokera kumsewu chimene chimayamba kuoneka ndi mutu wa mtengo uja, denga limaoneka pambuyo. Tsiku limenelo ndinangoona malata ali mbee, pamwamba pake thambo lokhalokha. Pabwalo mango ali mbwee, akupsa ndi osakhwima omwe, ana a mudzi wonse akutolera m'mabeseni. M'kati mwa thunthu munali mphako yoti mwana akhoza kubisalamo, yodzaza dothi lofiira la chiswe. Zaka zonsezi umabereka uli wodwala, ife osadziwa.

Chimene chinandiliza ndi waya. Agogo anamangirira waya woyanikapo zovala kalekale, mtengo n'kumakula mpaka kumumeza. Pamene wathyokerapo wayayo akuonekera m'kati mwenimweni, wadzimbiri, mfundo yake ili chimangire monga anaipotera agogo ndi manja awo.

Anaubzala ndi agogo aakazi mu 1964, chaka chimene amayi anabadwa. Kuyambira Lachitatu amayi sakudya bwino, akungokhala pakhonde maso ali pachitsa. Inenso tulo sindikuliona. Kodi n'kulakwa kulira mtengo ngati munthu? Nanga chitsachi ndi thunthu lagona pansili tichite nazo chiyani?

Mayi a Chisomo
Pepani kwambiri a Nambewe. Kulirako si kulakwa ayi. Mutipepesere kwa amayi, iwowo ndiye ataya mnzawo wokula naye.

Nabanda
Iii achemwali, pepani. Mango amenewo ndinadyako ine tili kupulayimale, munkabwera nawo m'kajumbo ka makope. Aang'onoang'ono, aulusi wambiri, koma kutsekemera kwake ngati uchi. Ndawerenga uthenga wanu malovu a mango aja abwera mkamwa, misozinso yabwera.

Bambo a Tadala
Pepani mayi. Koma madzi akatayika sawoleka. Ine langizo langa n'lakuti muudule m'zipika, muunjike pamalo pouma. Ikafika nyengo yowotcha njerwa anthu adzachita kukupemphani, nkhuni za mango amazifuna. Ndalamayo mudzakonzere nkhokwe yaphwanyikayo.

Nambewe wa kwa Santhe
Zikomo bambo a Tadala, ndikudziwa mukunena kuti mutithandize. Koma mtima sukulola kuti ukathere mu uvuni wa munthu wina, ndipo ndifotokoze chifukwa chake.

Amene munali kuno kumapeto kwa 2001 ndi kumayambiriro kwa 2002 mukukumbukira mmene njala ija inasautsira Kasungu. Ine ndinali Sitandade 5. Kwathu chimanga chinatha m'nkhokwe mu Okutobala, gaga nayenso anasowa. Amayi ankathyola mango osakhwima, kuwasenda, kuwaphika mumphika wa ndiwo mpaka afewe, ife n'kumamwa ngati phala. Utomoni wake unkatitulutsa zilonda m'milomo, koma tinkagona m'mimba muli kanthu. Anthu a midzi ina ankabwera kudzaima kumpanda, ena mwana ali kumsana osatha n'kulira komwe. Agogo sanabweze ndi mmodzi yemwe. Ankangoti thyolani, mtengowu sindinabzalire pakamwa pamodzi. Mango atatha mu Januwale ndi pamene njala inatiluma zenizeni, ndipo m'mudzi mwathu tinaika anthu. Koma miyezi iwiri ija inatisunga. Ife asanu obadwa kwa amayi tilipo tonse lero.

Bambo a Tadala
Zimenezo sindimazidziwa mayi, ndikhululukireni ndinafulumira pakamwa. Njala imeneyo ife inatipezera kwa Wimbe, sindifuna n'kuikumbuka komwe. Za njerwa ndabweza. Nthambi zing'onozing'ono zokha muwasungire amayi, aziphikira okha.

Achimwene a ku Joni
Ndikuwerenga ndili kuno ku Johannesburg, m'kachipinda koti ukasuzumira pawindo umangoona khoma la mnzako. Kwathu ku Chamama kunali mkuyu pabwalo. Maliro a bambo anga azibambo anakhala pansi pa mkuyu umenewo usiku wonse, moto uli pakati. Nditapita kumudzi patatha zaka zinayi ndinapeza palibe, anaudula kuti akuze munda, ndipo palibe anaganiza zondiuza. Ndinayendayenda pamalopo kufuna ngakhale chitsa choti ndikhalepo, osachipeza. Inu achemwali muli ndi mwayi, mwauona uli chigonere. Jambulani zithunzi zambiri. Kachidutswa kali ndi waya kaja musalole kuti kalowe pamoto.

Agogo Aphiri a ku Mtunthama
Mdzukulu wanga Nambewe, ndachedwa kuyankha chifukwa foniyi amandilembera ndi mwana wa mwana wanga, ndimadikira aweruke kusukulu.

Wafunsa ngati n'kulakwa kulira mtengo. Ine ndaphunzitsa ana zaka zambiri ndisanapume, ena ndawaphunzitsira pansi pa mitengo, ndiye ndikuyankha kuti anthu a kuno sitinayambe taonapo mtengo ngati nkhuni chabe. Kuno ku Mtunthama kuli kachere amene Dr Hastings Kamuzu Banda anaphunzirira pansi pake ali mwana. Munthuyo anapita kutali, ku South Africa, ku America, ku Britain, nakhala kunja zaka makumi anayi, koma kachere uja sanamuiwale. Sukulu yake ya Kamuzu Academy, imene inatsegulidwa mu 1981, anaimanga kuno pafupi ndi mtengo umenewo. Ngati munthu woyenda maiko chotero mtima unatsalira pamtengo, iwe ukalira wa agogo ako walakwa chiyani?

Komanso taona ukamayenda pamsewu wa M1 kuchokera ku Lilongwe. Minda yayera mbali zonse, koma apa ndi apo umaona kankhalango kakuda bii. Sufunsa n'komwe, umadziwa kuti ndi manda. Nkhwangwa imene yatha mapiri imafika pamenepo n'kubwerera. Makolo athu akafuna kuthira nsembe ankapita patsinde pa msolo. Amene timapemphera m'matchalitchi lero nsembe tinasiya, koma ulemu umenewo usatichoke.

Ndiye ine ndikuti musathamangire sowo. Itanani mbumba yonse, amalume ako akhalepo. Khalani pathunthupo tsiku limodzi, muphike, aliyense anene chimene akukumbuka, ana amve. Mukatero itanani mmisiri wosema. Mbali zimene chiswe sichinafike zikhoza kutuluka mipando, zipande, mithiko, mwina ndi kamtondo kosinjira nsinjiro. Mwana wamkazi aliyense wa mbumba imeneyo atenge kake. Agogo ako adzakhala akuomola nsima m'makomo asanu.

Mayi a Chisomo
Agogo mwalankhula. Ine za chipandezo zandigwira mtima.

Mwale mlimi wa fodya
Ine ndakhala chete kuyambira dzana chifukwa nkhaniyi ikundiweruza. Ndalima fodya wa bale zaka zoposa makumi awiri, kugulitsa ku Chinkhoma. Chaka chilichonse chigafa chimafuna mphanda ndi mikangala, ndipo ndinkangolowa m'tchire la kumtunda kwa munda wanga ngati ndi golosale. Muwanga, mlombwa, naphini, ndinadula osawerenga. Panali muula umodzi waukulu umene ana ankatolapo maula, umenewonso ndinaugwetsa chifukwa unkachita mthunzi pa nazale. Palibe tsiku ndinamva chisoni. Lero mayi a kunyumba amadzuka m'bandakucha kukafuna nkhuni, amabwera dzuwa lili pamutu atasenza timitengo tonga zala. Inu mukulira mtengo umodzi umene wagwa wokha, ine ndadzifunsa kuti amene ndinagwetsa ndi manja angawa anawalira ndani.

Chimodzi chokha chimene ndingaikepo n'chakuti zaka zisanu zapitazo ndinasiya kulima chigawo china chifukwa nthaka inaguga. Sindinabzalepo kanthu, ndinangoletsa moto ndi mbuzi. Zitsa zimene ndinkayesa zakufa zinayamba kuphuka. Pano mitengo ina yandipitirira msinkhu kawiri. Chitsa musamachipeputse.

Mnyamata wa kwa Chulu
Zoona bambo Mwale. Ife tili m'malire ndi Kasungu National Park timaziona chaka ndi chaka. Moto umadutsa, njovu zimathyola, makamaka chibwerere zija 263 anazitenga ku Liwonde mu 2022, umaona ngati tchire latha. Koma fikani kumapeto kwa Ogasiti kapena mu Sepitembala, mvula kulibe, fumbi lokhalokha, mitengo ya mombo ndi mitondo imatulutsa masamba atsopano ofiira, ena ngati magazi ena ngati mkuwa, kenako n'kusanduka obiriwira. Madzi imawatenga pansi penipeni ndi mizu. Matondo amene timadya amadya masamba a mitengo yomweyo, ndipo bowa wa ndelema ndi manyame simungamupeze pansi pa bulugamu, amafuna mitengo yachilengedwe. Anti Nambewe, mtima ukadzakhala pansi mudzabwere nthawi imeneyo mudzaone ndi maso.

Mlangizi wopuma
Mayi Nambewe, pepani. Anzanga atonthoza mtima, ine ndiloleni ndilankhule za manja, chifukwa pali zina zosafunika kudikira.

Chitsacho musachizule, musachiotche. Mizu ya mtengo wa zaka 60 ili moyo pansipo, ndipo mango amaphukira. Pezani munthu wa sowo adule pamene pathyokapo mosalaza, mopendeketsa pang'ono kuti madzi a mvula asamadikhepo. Dothi la chiswe lija mulichotse mumphakomo. Pakapita milungu ingapo mudzaona mphukira zambiri m'mbali mwa khungwa. Mudzasiye zitatu kapena zinayi zamphamvu, zinazo muzithothola.

Koma ndisakunamizeni, chitsa champhako sichidalirika. Mphukira zimagwira pakhungwa, zikalemera mphepo imatha kuzikhadzula. Chodalira chenicheni chili m'mabeseni a ana aja. Lero lomwe sankhani mango amene anakhwima bwino, mudye, njere zake mutsuke, ziume pamthunzi tsiku limodzi kapena awiri. Njere ya mango sichedwa kufa, mukaisiya milungu ingapo padzuwa mwataya. Chikhokho chake mutsegule ndi mpeni mosamala osalasa za m'kati, mubzale m'machubu. Ngati machubu palibe, mapepala a shuga oboola pansi amagwira ntchito yomweyo. Dothi la pamwamba losakaniza ndi manyowa owolerana, muike pamthunzi.

Tsono mvetsani ichi, chifukwa ambiri sachidziwa. Mango athu ambiri a makolo njere imodzi imatulutsa timitengo tiwiri, titatu, mwina kuposa. Mwa timeneto kamodzi kokha ndi kamene kamachokera ku mungu wa duwa, tinato timachokera m'thupi la mayi wake, ndiye timadzabereka mango ofanana ndendende ndi a mtengo wagwawo. Mango achizungu monga Kent ndi Tommy Atkins satero, njere yake imatulutsa kamtengo kamodzi kosadziwika kuti kadzabereka zotani, n'chifukwa chake amafuna kumezanitsa. Ndiye mukadzaona njere yatulutsa timitengo tingapo, dziwani kuti uchi umene a Nabanda akuukumbukawo sunapite.

Pookera, dzenje likhale pafupifupi masentimita 60 kuya ndi kutambalala komwe, ndipo mutalikire nyumba mamita khumi kuti adzukulu anu asadzagone ndi mantha a chimphepo. Tili m'nyengo yake, dziko lino timabzala mitengo kuyambira pa 15 Disembala mpaka pa 15 Epulo. Womera kunjere mudikire zaka zisanu mpaka zisanu ndi ziwiri kuti mulawe. Mukafuna zachangu, mphukira za pachitsa zikafika kukula kwa pensulo tikhoza kumezanitsapo mtundu wamakono, umenewo sudikiritsa.

Nambewe wa kwa Santhe
Bambo mlangizi, uthenga wanu ndawawerengera amayi mawu ndi mawu. Pa timitengo tofanana ndi mayi wake paja anandiuza kuti ndibwereze. Kenako anadzuka pakhonde paja, koyamba chigwere mtengo, n'kuyamba kusankha okha mango m'beseni, kumanunkhiza limodzilimodzi. Tadya mpaka mano kuwawa, njere 20 zili pathandala. Za kumezanitsa akana. Akuti akufuna omwewo aulusiwo. Nditawauza za zaka zisanu ndi ziwiri anangoti mayi awo pobzala uja sanafunse kuti adzadya liti.

Koma pabuka china. Amalume afika dzulo, akuti chitsa chizulidwe amangepo khitchini ya njerwa, pamalopo ndi pabwino. Iwo ndiye mwini mbumba, ine sindingawatsutse pamaso. Amayi angoti chete. Ndithandizeni nzeru.

Nabanda
Musakangane nawo achemwali, mukatero adzaumirira chifukwa cha ulemu wawo. Khitchini ndi chinthu chabwino, akufunira mlongo wawo zabwino. Ingowapemphani kuti ntchitoyo idikire mpaka mvula ithe, njerwa saumba dzinja.

Agogo Aphiri a ku Mtunthama
Nabanda wanena zoona. Ndipo paja ndinati mukhale pathunthupo tsiku limodzi, musalumphe zimenezo. Amalume akowo anakulira pansi pa mtengo womwewo. Apatseni mpata woyamba kulankhula, iwe ukhale pansi umvetsere.

Nambewe wa kwa Santhe
Abale, ndabwera kudzathokoza. Tinakhala Loweruka lapitali, mbumba yonse, ena anachokera ku Mchinji. Tinapha nkhuku ziwiri. Amalume anayamba ndi mawu ochepa, kenako anakwinya malaya n'kutionetsa mkono wawo wamanzere umene ndi wokhota pang'ono. Ine ndinkauona kuyambira ndili mwana koma sindinafunsepo. Akuti anagwa mumtengo womwewo ali ndi zaka zisanu ndi zinayi, agogo n'kuwabereka kumsana, mnyamata wamkulu kale, kuyenda nawo wapansi mpaka kuchipatala. Pobwerera anthu ankati mtengowo udulidwe, wapweteka mwana. Agogo anakana, anati mwana aphunzire kukwera. Atafika pamenepo amalume mawu anawathera, anangoyang'ana kumbali.

Madzulo anatenga sowo okha, n'kudula kachipika kali ndi waya kaja, kukapala bwinobwino ndi mpeni, n'kukapereka kwa amayi ndi manja awiri. Za khitchini anena okha kuti idzamangidwa kumbali ya kukhola.

Achimwene a ku Joni
Ndalira ndili pantchito. Zikomo potiuza.

Mwale mlimi wa fodya
Mayi, mbande zikamera mundisungireko imodzi. Ndikufuna ndikaibzale pamene panali muula paja.

Nambewe wa kwa Santhe
Moni nonse, papita nthawi. Lero ndi pa 20 Febuluwale, ndili kumudzi. Chitsa chaphuka! Mphukira ndinawerenga 17, tasiya zinayi monga anatiuzira bambo mlangizi, ngakhale pothothola zinazo dzanja limanjenjemera. Mwa njere 20 zija zamera 14, ndipo zambiri zatulukadi timitengo tiwiri kapena titatu. Amayi amatitchula kuti mapasa. Mmisiri watisemera mipando iwiri, zipande zisanu ndi mithiko isanu. Mtondo walephereka, mbali yaikulu inali yofumbwa.

Pamene panali mthunzi zaka zonsezi panali pouma gwa, sipankamera kanthu, tinkangosesa. Pano dzuwa likufika, ndipo pamera bonongwe, chisoso ndi luni zokha popanda wofesa, amayi akuthyola ndiwo pakhomo. Anaponyaponso nthanga za maungu, zayanga mpaka pachitsa.

Funso langa bambo mlangizi: masamba atsopano a mphukirazi ndi ofiirira, ofewa, akulendewera ngati ofota. Amayi ali ndi nkhawa kuti mwina zikufa.

Mlangizi wopuma
Auzeni amayi agone tulo. Tsamba la mango limabadwa choncho, lofiirira ndi lolobodoka, pakapita masiku limalimba n'kubiriwira. Mukanaona lakuda m'mphepete kapena louma ndiye tikanada nkhawa. Mbande ziwiri zamphamvu mukhoza kuokera pano mvula ikadalipo, koma mulonjeze kuthirira chilimwe chonse, ndowa imodzi pamtengo kawiri pasabata, ndi kuphimbira udzu patsinde osaugunditsa kuthunthu chifukwa cha chiswe. Zotsalazo zikhale m'machubu mpaka Disembala. Mdani wamkulu ndi mbuzi zikamasulidwa anthu akakolola. Tchingirani ndi minga, osati mawa.

Mayi a Chisomo
Mapasa a amayi! Mulungu awakuze. Chithunzi cha maungu pachitsacho mutiponyere.

Nambewe wa kwa Santhe
Abale, Sepitembala uno ndinakwera njinga yamoto mpaka kwa Chulu monga anandiitanira mwana wathu uja. Zimene ananena n'zoona. Kutentha, fumbi, udzu wopsa, koma mitengo ili psuu masamba atsopano, dzuwa likamalowa imachita ngati yayaka. Ndinakhala pamwala nthawi yaitali osalankhula. Ofiira ake ndi omwe aja anatiopsa pachitsa mu Febuluwale.

Kumudzi nkhani ili chonchi. Mphukira imodzi inakhadzuka ndi mphepo ya mu Julaye, monga munachenjezera bambo mlangizi. Ina mbuzi inalowa pampata n'kuikungudza. Ziwiri zilipo, zandifika paphewa. Mbande ziwiri tinaokera zija zagwira, amayi amazithirira ndi madzi otsukira mbale, m'mawa uliwonse amakoka mpando wawo wa mango uja n'kukhala pakati pa ziwirizo akusankha nyemba. Mthunzi palibe, amafunda chitenje kumutu, koma pakhonde akana. Kachipika ka waya kali pawindo la kuchipinda kwawo.

Kunena zoona ndikamatulukira panjira ya kuchitsime mtima umandiwawabe, maso amafunabe mutu wa mtengo uja pamwamba pa denga. Mwezi wathawu mitengo ya anzathu inachita maluwa, njuchi zili ng'waa, kwathu kuli zii. Chaka chino mango tidzachita kupatsidwa.

M'machubu mwatsala mbande zisanu ndi zinayi. Imodzi ndi ya bambo Mwale, imodzi ya a Nabanda, ziwiri zikupita ku Mchinji kwa achemwali anga. Achimwene a ku Joni, ngati kwanu ku Chamama kuli munthu woti angathirire, nenani, ndidzakapereka ndekha mvula ikayamba.

Achimwene a ku Joni
Alipo mlongo wanga wamng'ono. Ndimuimbira usiku uno akumbiretu dzenje pamene panali mkuyu.

Bambo a Tadala
Mayi Nambewe, ngati yatsalako ina, inenso ndikupempha. Minga yotchingira ndadula kale.